Bodi ya Hilux LN106 pa chasisi china: ndidziwa bwanji kuti zigwirizana?

Wa_ku_Area25:
Akuluakulu, chasisi cha Hilux LN106 double cab chadyeka dzimbiri pomwe pamagwira masipuling'i akumbuyo, koma bodi ndi injini ya 3L zili bwino. Kwa ogulitsa zophwasula kuli mafulemu awiri, ina akuti ya LN166, ina ya Hilux Vigo. Ndizindikira bwanji kuti akunena zoona, nanga difu yakumbuyo ndingasiye yomwe ndiipezepo?

Makanika_Ndirande:
Achimwene, musayambe ndi mawu a wogulitsa, gwadani muone kutsogolo kwa fulemuyo. LN106 ili ndi ekiselo yathunthu kutsogolo yokhala pa masipuling'i a malifu. LN166 ya 4x4 ili ndi ma torsion bar, zitsulo ziwiri zazitali zogona motsatira fulemu. Vigo, ya 2005 mpaka 2015, ili ndi makoyilo komanso chiwongolero cha rack.

Ya Vigo isiyeni. Kuchokera pakati pa tayala lakutsogolo kufika pakati pa lakumbuyo ndi 3085 mm, pomwe zakalezi zili cha m'ma 2850. Matayala sadzakhala pakati pa ma mudguard, ndipo pomangira bodi ponse mudzadula n'kuwotcherera mwatsopano. Ya LN166 ndiyo yoyandikira, komabe tengani tepi muyeze mabowo onse omangira bodi, m'litali ndi m'lifupi, muyerekeze ndi anu. Yezaninso mopingasa, bowo lakumanzere kutsogolo kufika lakumanja kumbuyo, kenako mbali inayo. Zikasiyana kupitirira 5 mm, fulemuyo inagundidwapo, idzakudyerani matayala.

Difu_ndi_Giya:
Ndionjezere za difu, poti apa ndi pomwe ndalama zimapsera. Pa kachitsulo ka manambala ka Hilux zakale pali code ya ekiselo, monga G252. G ndi difu ya mainchesi 8, F ndi ya 7.5. Manambala awiri apakati ndi ratio, kutanthauza kuti shafiti imazungulira kangati matayala akazungulira kamodzi: 29 ndi 4.10, 28 ndi 4.30, 25 ndi 4.56, 14 ndi 4.88. Nambala yomaliza ikakhala 3 kapena 5, ndi LSD (difu yoletsa tayala limodzi kuzungulira lokha poterera), ndipo imafuna oyilo wakewake.

Koma galimoto ya zaka 30 yadutsa m'manja ambiri, kachitsuloko musakakhulupirire kotheratu. Kwezani tayala limodzi lakumbuyo ndi jeke, giya ili pa free, lembani choko pa tayala ndi pa propshaft (shafiti yochokera ku magiya kupita ku difu). Zungulizani tayalalo kawiri, muwerenge kuti shafiti yazungulira kangati. Kanayi ndi theka ndiye 4.56. Ngati ndi LSD, kwezani onse awiri, muzungulize kamodzi. Mukamasula difuyo, werengani mano: 41 ndi 9 ndi 4.56, 43 ndi 10 ndi 4.30.

Ratio yakutsogolo ndi yakumbuyo ziyenera kufanana ndendende. Mukaika 4.30 kumbuyo ndi 4.56 kutsogolo, mu 2WD simumva kanthu. Tsiku lomwe mwalowetsa 4WD pa nthaka yolimba, ma ekiselo amakokana, galimoto imauma, ndipo chimathyoka ndi transfer case (bokosi la magiya logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo) kapena mano a difu.

Makanika_Ndirande:
Zoona bwana. Chenjeraninso ndi ekiselo ya 2WD yotsika: ili ndi mabawuti asanu a tayala, 5x114.3, ndipo imakhala pamwamba pa masipuling'i. Ya 4x4 ili ndi asanu ndi limodzi, 6x139.7, imakhala pansi pa masipuling'i. Mukasuntha zokhalira masipuling'i, ingodonthezani weledi kaye, muike galimoto pansi ndi kulemera kwake, muone ngodya ya pinion (pomwe shafiti imalowera mu difu) musanawotcherere zonse. Ikalakwika, shafiti imanjenjemera n'kumapha ma universal joint. Ma U-bolt gulani atsopano, ndipo kandodo ka valavu ya mabuleki akumbuyo musakasiye kali lende, apo ayi mabuleki akumbuyo sazigwira molingana ndi katundu amene ali m'galimoto.

Mai_Transport:
Musanalipire, onani nambala yodindidwa pa fulemuyo ngati ikuwerengeka komanso ngati siinapalidwe, ndipo wogulitsa akupatseni mapepala ake. Blue book yanu ili ndi nambala ya chasisi chakale, ndiye pitani ku Road Traffic mukafunse ndondomeko musanamasule bawuti ngakhale limodzi, kuti musadzakanidwe COF ntchito itatha kale.