Ndikuwerenga buku la ma options, koma premium yandiimitsa mutu

Wa ku Matawale:
Moni nonse. Ndimaphunzitsa masamu pa sekondale ina kuno ku Zomba, ndipo ndili ndi timasheya tochepa ta TNM ndi Airtel. Ndinapeza buku la ma options kwa ogulitsa mabuku akale m'tauni muno. Call ndi put, mitundu iwiri ya ma options, ndazimva: call ndi ufulu wogula masheya pa mtengo womwe mwapangana tsiku lotsekera lisanadutse, put ndi ufulu wogulitsa. Pomwe ndakanirira ndi pa premium, ndalama yogulira ufuluwo. Bukuli likuti imatsika tsiku ndi tsiku ngakhale masheyawo asanasunthe. Zimatheka bwanji? Komanso zitsanzo zake zonse ndi za ku America. Kodi ndingaziyese pa msika wathu wa masheya?

Mayi wa ku Songani:
Aphunzitsi, ine ndimagulitsa mbewu, ndiye ndiyankha ndi chimanga. Tiyerekeze kuti mu Meyi mlimi wa ku Jali akuti, ndipatseni K3,000 lero, ndikusungirani thumba pa K40,000 mpaka kutha kwa Januwale. K3,000 imeneyo ndiye premium, sibwerera, ndipo siwerengedwa pa mtengo wa thumba. Chimanga chikafika K60,000, phindu lanu ndi K17,000. Chikatsika kufika K35,000, mukagula kumsika, mwangoluza K3,000 yokha.

Tsono mu Meyi panganoli ndi lamtengo chifukwa kutsogolo kuli miyezi yambiri yoti mvula ichedwe, nkhokwe ziume, mtengo ukwere. Koma pa 28 Januwale thumba lili pa K39,000, ndani angapereke K3,000? Mwina K200. Mtengo wa chimanga sunasinthe kwenikweni, chatha ndi nthawi yoti chikwere. Pezani mutu wa theta (muyeso wa kutsika kwa premium chifukwa cha kutha kwa nthawi) m'buku lanulo, muona kuti kutsikaku kumathamanga kwambiri masabata omaliza.

Wa ku Chinamwali:
Pa funso lachiwirilo, ayi achimwene. Malawi Stock Exchange ku Blantyre kuli masheya ndi ma bond, ma options kulibe. Msika wathu ndi wamng'ono: NICO inali yoyamba kulembetsa mu 1996, ndipo makampani sanakwane 20. Anzathu ku Chicago anatsegula msika wa ma options mu 1973. Kumeneko kontrakiti imodzi ndi masheya 100, ndiye mukaona premium ya $2 dziwani kuti ndi $200. Muganizirenso kusowa kwa madola ndi malamulo a Reserve Bank otumizira ndalama kunja.

Chomwe chimandiwawa ndi anyamata a pa WhatsApp otsatsa binary options kwa ana a sukulu ku Chikanda. Zimenezo ndi kubetcha kuti mtengo ukwera kapena utsika m'mphindi zochepa, si zomwe mukuwerenga inu.

Wa ku Matawale:
Zikomo kwambiri amayi, tsopano zamveka. Ndiye wogulitsa call si ndi amene ali pabwino, poti nthawi ikugwirira ntchito iyeyo?

Mayi wa ku Songani:
Ali pabwino ngati thumbalo lilidi m'nyumba mwake. Ngati alibe, chimanga n'kufika K90,000, akagula pa mtengo umenewo n'kukupatsani pa K40,000. Wogula amadziwiratu zomwe angaluze, koma wogulitsa call wopanda masheya alibe malire. Tengani kope, sankhani kampani imodzi ya ku America, muzilemba premium ya call yake imodzi Lachisanu lililonse mpaka tsiku lotsekera, musanatulutse ngakhale tambala.