Kukwera hatchi m'mphepete mwa nyanja dzuwa likamalowa ku Zanzibar: kodi munthu wosazolowera angathe?

Mphunzitsi wopuma pantchito, Dedza boma

Ndikupereka moni kwa nonse. Ine ndi mayi a kunyumba tikukwanitsa zaka 30 tili m'banja mwezi wa Ogasiti ukubwerawu, ndipo ana athu asonkherana ndalama kuti tikapumuleko ku Zanzibar kwa masiku asanu. Tidzakwera ndege ku Lilongwe kupita ku Dar es Salaam, kenako n'kuwolokera ku chilumbako pa sitima yapamadzi. Pa zonse zimene ana atilembera kuti tikachite, mayiwa mtima wawo wakhazikika pa chimodzi, chomwe ndi kukwera hatchi m'mphepete mwa nyanja madzulo dzuwa likamalowa, motsogozedwa ndi eni ake a mahatchiwo. Pa zaka zonsezi sanandipemphepo chinthu chotere, n'chifukwa chake sindikufuna kuwakhumudwitsa.

Komabe mtima wanga uli m'mwamba. Chiweto chokha chimene ndinakwerapo ndi bulu wa agogo anga ku Mtakataka ndili mnyamata, ndipo papita zaka zoposa 50. Pano ndikulemera makilogalamu 92, komanso bondo langa lamanzere limandivuta m'nyengo yozizira ino ya Juni. Mayiwa sanakwerepo ngakhale buluyo, ndipo chovala chawo cha masiku onse ndi diresi ndi chitenje. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, choncho ndikupempha amene munachitapo zimenezi mundiuze moona ngati anthu a msinkhu wathu angathe popanda kuvulala, zovala zoyenera, ndiponso zimene tiyenera kufunsa tisanalipire ndalama za ana athu.

Mayi wa geni, Lizulu

Bambo, mtima ukhale m'malo, chifukwa ine ndinakwera ndili ndi zaka 54 ndisanagwirepo hatchi chibadwire. Ndimapita ku Dar es Salaam kukapikula katundu kumsika wa Kariakoo, ndipo ulendo wina ine ndi mng'ono wanga tinawoloka kukagona masiku atatu ku Nungwi, kumapeto kwenikweni chakumpoto kwa Unguja, chilumba chachikulu cha Zanzibar. Pa sitima yothamanga ndi ulendo wa pafupifupi maola awiri kukafika ku Stone Town, kumene kuli doko la Zanzibar, ndipo kuchokera pamenepo kukafika ku Nungwi pa galimoto pamapita ola limodzi ndi theka kapena kuposerapo pang'ono.

Tinafika ku khola la mahatchi dzuwa litapendeka. Asanatikweze anatifunsa kulemera kwathu ndiponso ngati tinakwerapo, ndipo ine ndinayankha mosabisa kuti sindidziwa kanthu. Musachite manyazi pa funso limeneli, bambo, chifukwa yankho lanu ndi limene limawauza hatchi yoti akupatseni. Ine anandipatsa yaikazi yofiirira, yachikulire ndithu, imene inangoima phee ndikukwera. Munthu amakwerera kumanzere kwa hatchi, ndipo panali kabenchi kopondapo kotero kuti sindinachite kudzikoka. Mnyamata mmodzi anagwira chingwe cha hatchi yanga n'kumayenda pansi pambali panga ulendo wonse, pomwe wotsogolera anali patsogolo pa hatchi yake. Anandiuza zinthu zochepa chabe: kukhala mowongoka, kutsitsa zidendene m'zopondera, ndi kusakoka zingwe mwamphamvu chifukwa zimalumikizidwa ku chitsulo chimene chili m'kamwa mwa hatchi. Mawu amene ankabwerezabwereza ndi akuti pole pole, kutanthauza pang'onopang'ono.

Mphindi khumi zoyamba ndinali wouma thupi ngati mtengo, manja atagwira chishalo zolimba. Chimene chinandimasula ndi pamene tinatuluka m'kanjira ka m'mudzi n'kufika pamchenga wonyowa umene madzi anali atangousiya. Pamenepo hatchi imayenda mofewa, mapazi ake akusiya timaenje timene timadzaza madzi nthawi yomweyo, ndipo thupi limayamba lokha kutsatira kayendedwe kake monga mmene mayi amatsatira kugwedezeka kwa mtsuko pamutu. Mabwato a matanga anali akutuluka kupita pakati pa nyanja, ndipo dzuwa linali lofiira psuu, lalikulu kuposa mmene timalionera likamabisala kuseri kwa mapiri kuno kwathu. Tikubwerera, wotsogolera analowetsa mahatchi m'madzi ofika m'mawondo mwawo, ndipo yangayo inayamba kupalasa madzi ndi mwendo wakutsogolo mpaka kundinyowetsa. Mnyamata uja anaikoka msanga n'kundiuza kuti hatchi ikatero nthawi zina imakhala ikufuna kugona m'madzimo.

Za zovala, achemwaliwo akavale buluku lalitali lofewa, chifukwa zikopa za chishalo zimakhula miyendo yosaphimba ndipo chitenje sichilola kuti munthu atangadze bwino. Ine ndinavala buluku mkati, chitenje pamwamba, ndipo nditafika ku khola ndinachivula n'kuchisiya m'chikwama, pobwerera n'kuvalanso. Zimenezi zimathandizanso chifukwa anthu ambiri a ku Zanzibar ndi Asilamu ndipo m'midzi amalemekeza munthu wovala modzilemekeza. Nsapato zikhale zotseka ku zala, osati masilipasi. Chipewa cholimba choteteza mutu amapereka okha, ndipo ngati sakupereka, musakwere.

Chimodzi chimene ndinadandaula ndi chakuti ndinkadikira kuti dzuwa lifike pamadzi penipeni ndisanapemphe chithunzi. Kumeneko mdima suchedwa, popeza chilumbachi chili pafupi ndi mzere wa ikweta umene umagawa dziko lapansi pakati. Dzuwa limalowa pakati pa 6 koloko ndi 7 koloko chaka chonse, ndipo likangomira pamangopita kanthawi kochepa kuti kude. Kumbukiraninso kuti nthawi ya ku Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi poyerekeza ndi yathu.

Mlangizi wa ziweto, Ntcheu

Zimene afotokoza mayi a ku Lizulu n'zoona, koma ine ndikufuna ndilankhuleko za chiwetocho, chifukwa chitetezo cha wokwera chimayambira pa thanzi la hatchi. Bambo, kulemera kwanu ndi nkhani yoyamba kuifunsa musanalipire chilichonse. Anthu odziwa za mahatchi amawerengera kuti hatchi isanyamule katundu woposa gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwake, kuphatikizapo chishalo. Hatchi ya makilogalamu 450 ndiye kuti malire ake ndi pafupifupi 90, ndipo n'chifukwa chake makola ambiri amaika malire a wokwera pafupi ndi nambala imeneyo. Inu muli pa 92, choncho alembereni uthenga pasadakhale, muwauze nambala yeniyeni osachotserapo, kuti akuuzeni ngati ali ndi hatchi yaikulu yokwanira. Akakukanani, musakwiye nawo, chifukwa khola limene limakana munthu poteteza msana wa chiweto ndi limene mungalikhulupirire ndi moyo wa mayi.

Mukafika, pemphani kuti muione hatchi asanaimange chishalo. Diso limene mumaonera ng'ombe ya pangolo pamsika ndi lomwelo. Nthiti zisachite kuwerengeka muli patali, pamsana ndi pamalo podutsa lamba pansi pa chifuwa pasakhale zilonda, ziboda zisakhale zong'ambika kapena zotalika mopitirira, ndipo ikamayenda isamatsimphine. Yang'ananinso ngati m'kholamo muli madzi akumwa ndi mthunzi. Ndikunena izi ndi mtima wowawa chifukwa pa ulendo wina kugombe la dziko lina ndinalipiriratu theka la ndalama kwa munthu wongoyendayenda pamchenga, ndipo hatchi imene anabweretsa inali ndi bala laliwisi pamsana, atalibisa ndi chiguduli. Ndinakana kukwera ndipo ndalama zanga sizinabwerere. Lipirani ku khola kwenikweni, osati kwa munthu wokumana naye panjira.

Pa khalidwe, hatchi si bulu wamkulu. Bulu akachita mantha amakonda kuima n'kukanirira, pomwe hatchi imathawa kaye n'kuganiza pambuyo. Maso ake ali m'mbali mwa mutu, kotero imaona mbali zonse kupatula kumbuyo kwake kwenikweni ndi patsogolo penipeni pa mphuno. Musaifikire mwakachetechete chakumbuyo, ndipo musaime pamene ingakufikeni ndi mwendo. Makutu ake ndiwo amalankhula: akaloza kutsogolo ili tcheru, akagonera kumbuyo mpaka kukhudza khosi ndiye kuti yakwiya. Nsalu youluzika ndi mphepo ingathe kuidzidzimutsa, ndipo mu Ogasiti kumeneko kumakhala mphepo yochokera chakumwera, choncho mpango wa mayi umangidwe bwino kapena utsale.

Za bondo lanu, kuyenda kwa pang'onopang'ono sikulivutitsa kwenikweni, makamaka zopondera zikatalikitsidwa pang'ono. Povuta ndi pokwera, popeza kulemera konse kumakhala pa mwendo wamanzere, ndi potsika, pamene anthu ambiri amadumphira pansi miyendo itachita dzanzi. Auzeni kuti akugwireni potsika. Ndibwinonso kuonana ndi dokotala musananyamuke, komanso kufunsa a inshulansi ya ulendo ngati imalipira munthu wovulala pokwera hatchi.

Mnyamata wa ku Bembeke

Bambo, ine maganizo anga ndi akuti musakaphunzirire kutali chinthu chimene chilipo kwathu konkuno. Mahatchi ndi osowa m'Malawi muno chifukwa cha matenda monga amene amafalitsidwa ndi kashembe, koma ku Kande m'boma la Nkhata Bay kuli khola limene limayendetsa alendo m'nkhalango ndi m'midzi mpaka kukafika kunyanja. Kuchokera kuno mungatsikire ku Golomoti, n'kutsata msewu wa m'mphepete mwa nyanja kudzera ku Salima, Nkhotakota ndi Dwangwa. Ola limodzi pa chishalo lingakuuzeni zoona za bondo lanu mwezi wa Ogasiti usanafike, ndipo mayi akakafika ku Zanzibar adzakhala akuyang'ana dzuwa m'malo moyang'ana khosi la hatchi. Chimene simungachipeze ku Kande ndi dzuwa lolowera m'madzi, popeza gombe limenelo layang'ana kummawa ndipo kunyanja ndi kumene dzuwa limatulukira.

Mphunzitsi wopuma pantchito, Dedza boma

Zikomo kwambiri nonse, mwandithandiza kuposa mmene ndimayembekezera. Mayi awerenga okha zimene alemba achemwali a ku Lizulu ndipo abwereza kawiri pamene pakunena za mchenga wonyowa. Za kulemera ndalembera kale mwana wathu wamkazi kuti afunse eni khola, ndipo ngati andikana, ndidzayenda pansi pambali pa hatchi ya mayi, zomwe kwa ine sizichepetsa kanthu. Za ku Kande tikambirana, ngakhale ndalama ya mafuta ingatilepheretse.

Koma mawu omaliza a mnyamata wa ku Bembeke andidzutsa. Ndafufuza pa pepala la ulendo ndipo ndapeza kuti malo ogona amene ana atikonzera ali ku Paje. Kodi gombe limenelo layang'ana kuti? Ndiponso mayi a ku Lizulu mwatchula za madzi amene anali atangousiya mchenga. Ife tinazolowera nyanja yathu imene madzi ake amakhala pamalo amodzi tsiku lonse, choncho mundifotokozere ngati zimenezi zikukhudza tsiku loti tisankhe.

Mayi wa geni, Lizulu

Mwachita bwino kufunsa, bambo, chifukwa Paje ili kugombe lakummawa chakumwera kwa chilumba, ndipo kumeneko dzuwa limatulukira m'nyanja n'kukalowera kumtunda, kuseri kwa mitengo ya kokonati. Ndi malo okongola, koma chithunzi chimene achemwali ali nacho mumtima sichingapezeke kumeneko. Dzuwa lolowera m'madzi limaoneka kumbali yakumadzulo, monga ku Nungwi ndi ku Kendwa. Kuchokera ku Paje kukafika ku Nungwi ndi ulendo wa pafupifupi maola awiri pa galimoto, ndipo mutakwera madzulo ndiye kuti mudzabwerera usiku muli otopa, miyendo ikuwawa. Pemphani ana kuti asinthe usiku umodzi kapena iwiri mukagone kumpotoko, ndipo kukwerako kusakhale pa tsiku lomaliza, kuti ngati mitambo yatseka kapena mphepo yakula mukhale ndi mawa loyeseranso. Mwezi mwasankha bwino, popeza mvula yaikulu kumeneko imagwa kuyambira Malichi mpaka Meyi, ndipo Ogasiti amakhala wouma, wosatentha kwambiri, ngakhale kwa munthu wa ku Dedza kudzamvekabe ngati kwa Mtakataka.

Za madzi, nyanja yamchere imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku chifukwa cha mphamvu ya mwezi, ndipo eni ake amati maji kujaa ndi maji kupwa, mawu osatalikirana ndi athu. Nthawi yake imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse, kotero madzulo a Lolemba sangafanane ndi madzulo a Lachisanu. Madzi akadzaza, m'malo ena amafika mpaka pamatanthwe ndipo mahatchi amasowa podutsa kapena amayenda pamchenga wouma umene umatitimira. Akaphwa, pamatsala bwalo lalikulu la mchenga wolimba ngati lija ndinayendapo ine. Eni khola amakhala ndi ndandanda ya nthawi za madzi, choncho mwana wanu akamawalembera za kulemera kwanu, awapatsenso masiku onse asanu amene mudzakhale pachilumbapo, n'kuwafunsa kuti ndi madzulo ati amene madzi adzakhale ataphwa cha m'ma 5 koloko.