Za ma backup a mainframe ija: pomwe tafika

Mwezi watha ndinafunsa ngati n'zotheka kuchepetsa ndalama zimene timawononga pa mainframe yathu (kompyuta yaikulu yoyendera pulogalamu ya IBM yotchedwa z/OS) popanda kuika ma backup (makope osungira deta) pachiswe, popeza bajeti anaidula. Zikomo nonse amene munayankha.

Ambiri munati tiyambe kuunika bilu ya mapulogalamu, matepi osungirapo ma backup abwere pambuyo. Munanena zoona. IBM imawerengera malipiro a pamwezi a mapulogalamuwo potengera avareji ya maola 4 amene makina anapanikizika kwambiri mwezi umenewo. Titafufuza malipoti a SCRT (chida cha IBM choonetsa mmene makina anagwirira ntchito), tinapeza kuti ma backup athunthu a DFSMSdss (pulogalamu yokopera deta) ankayamba limodzi ndi ntchito za batch (zoyenda zokha mwaunyinji) za kumapeto kwa mwezi, ndiye ma MSU (muyeso wa ntchito ya makina umene bilu imatengera) ankangokwera mosafunikira. Ma backup athunthuwo tawasamutsira kumbandakucha wa Lamlungu, masiku enawo timangokopera zimene zasintha. Sitinagule kanthu.

Maganizo oti tisiyiretu matepi ndawakana. Tepi imene yatulutsidwa m'makina n'kukasungidwa kwina, ransomware (pulogalamu ya achiwembu yotsekera deta kuti muwalipire) singaifikire, komanso ikakhala pashelefu sidya magetsi.

Chomwe chikundisowetsa mtendere ndi kubwezeretsa. Tinayesa kubwezeretsa dataset (fayilo) imodzi ya mtundu wa VSAM kuchokera pa tepi yakale. Deta inabwera bwinobwino, koma catalog (kaundula woonetsa pomwe dataset iliyonse ili) sinkagwirizana nayo, moti dzuwa linatilowera tikukonza. Akuluakulu akufunabe kuti mayeso obwezeretsa deta a chaka chino tiwadumphe kuti ndalama zitsale, ine ndakanitsitsa. Inu amene mumayesera pa LPAR yaing'ono (chigawo cha mainframe choyenda pachokha), catalog mumaisunga ndi kuibwezeretsa motani kuti zisasemphane?