Sini ya pamsika yatikanika, khadi la chipani tilionetse bwanji?

Nachisale (wolemba ndi kutsogolera): Anzanga, ndigawireni nzeru. Tikujambula kafilimu ka mphindi 14, nkhani ya mayi wa Mboni za Yehova m'chaka cha 1972, amene akukana kugula khadi la chipani cha MCP mpaka banja lonse lithawira ku Sinda Misale, ku Zambia. Za m'nyumba tamaliza. Yatsala sini ya pachipata cha msika, pomwe ayufi, achinyamata a chipanicho ovala malaya ofiira, akubweza aliyense wopanda khadi. Msika uliwonse womwe tayendera wadzaza zikwangwani za Airtel ndi TNM, akabaza, majumbo. Ndalama yomangira msika wathuwathu palibe. Komanso amfumu a komwe timafuna kukajambula atangomva za malaya ofiira ndi mbendera ya tambala wakuda, abwerera m'mbuyo. Akuti safuna mudzi wawo utchuke ndi zipani. Sindikuwada, tambalayo mpaka lero ndi chizindikiro cha chipani chamoyo.

aPhiri (kamera): Chemwali, msika wonse mukuufuniranji? Pezani mpanda wa udzu, muikepo anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi. Ndikubwerekani lenzi ya 85mm, mutsegule diso la lenziyo kwambiri kuti kumbuyo kusaoneke bwino. Kamera ikhale m'munsi, pa msinkhu wa mwana amene wagwira chitenje cha amake. Woonera aziona dengu la tomato, mapazi a fumbi, dzanja lotambasuka kufuna khadi. Mujambule m'mamawa dzuwa lisanakwere. Zotsalazo azichita a mawu.

Mbewe (mawu): Ndalandira. Koma musakajambule phokoso pamsika weniweni, mudzalira podula ndi kulumikiza filimu. Mumalowa njinga zamoto, mafoni, sipika ya wogulitsa mankhwala a makoswe. Sonkhanitsani amayi khumi pabwalo, muwapatse za kutsatsa ndi kunenerera, ine ndidzaike nkhuku ndi belu la njinga yakapalasa pamwamba. Wailesi ikhalepo chapatali, chifukwa nthawi imeneyo kunali MBC yokha, kanema anabwera mu 1999. Chonde musatole mawu a MBC pa YouTube n'kuwaponya mufilimu. Akumafestivo a mafilimu amafunsa kalata ya chilolezo pa nyimbo ndi mawu alionse. Tiitane munthu awerenge nkhani zathu zolemba tokha.

Nagama (zovala): Mesh, ma wivi, zikhadabo zopaka, masilipasi a masiku ano, zonse zitsale kunyumba. Duku ndi chitenje basi. Lamulo loletsa amayi thalauzi ndi masiketi aafupi ndi la 1973, komabe mayi wakumudzi mu 1972 sakanavala zimenezo. Ndalamanso musamale. Kwacha inali itangoyamba mu 1971, achikulire ankawerengabe m'mashilini. Ikhale yomangidwa pa mfundo ya chitenje, isaoneke.

aBanda (wodula ndi kulumikiza filimu): Ine ndiye ndikukayika. Tikubisa msika, tikubisa mbendera, mawa tibisa khadi, kenako filimu ikhala ya mayi amene wakhumudwa osadziwika chamukhumudwitsa. A Mboni analetsedwa mu 1967, anamenyedwa, nyumba zinaotchedwa, ntchito anachotsedwa, ndipo chiletso chinachoka mu 1993. Ngakhale amene sanali a Mboni, popanda khadi basi sunkakwera, mumsika sunkalowa. Mwana wobadwa pambuyo pa 1994 zimenezi amazimva ngati nthano. Mukamuonetsa mapazi okhaokha adziwa bwanji?

Nachisale: aBanda, ndicho chikundisowetsa tulo. Sindikufuna filimu yamantha. Komanso sindikufuna wina adule masekondi 30 a mbendera, aponye pa Facebook ngati kampeni, agogo amene anandifotokozera nkhaniyi aiwalike.

aMwale (achikulire a zisudzo): Ana inu mukulimbana ndi mbendera, pomwe vuto lili m'zolemba. Ndawerenga sini munanditumizirayo, Nachisale. Yufi wanuyo ndi chilombo chabe, akungokuwa ndi kugwedeza chibonga. Ife tinakhalamo m'nthawi imeneyo. Ayufi sanali alendo ochokera kutali. Anali ana a m'mudzi momwemo, wina unamusambitsapo ali khanda. Ndiye mupangeni akhale mlamu wake wa mayiyo, mng'ono wa mwamuna wake. Asakuwe. Ayang'ane uku ndi uku, atsitse mawu, anene kuti, "Alamu, ingotengani, ndalipira kale ine." Khadi lili m'manja mwake, mayiyo manja ali pa dengu, sakulandira. Anzake a yufi akuyang'ana. Mnyamatayo tsopano asankhe, amubweze mlamu wake pamaso pa anthu kapena mawa afunsidwe iyeyo. Pamenepo woonera amva kulemera kwa kapepala kameneko popanda wina kumulalikira. Malaya ofiira akhalepo, khadi lioneke pafupi ndithu ndi nkhope ya Kamuzu, aBanda akunena zoona pamenepo. Mbendera siikuwonjezera kanthu.

aBanda: Ya mlamuyo ndagonja nayo. Koma ndikupempha mzere umodzi wolembedwa koyambirira: malo, chaka, ndi kuti khadi linali lokakamiza. Umodzi wokha, osati ndime.

aPhiri: Zikatero ndifuna shoti ziwiri zokha zapafupi, dzanja la mnyamata ndi maso a mayi. Musadule msanga, aBanda, muisiye ipweteke.

aMwale: Kwa amfumu musatume mnyamata ndi foni. Pitani nokha, muwawerengere sini yonse m'Chichewa, muwauze kuti dzina la mudzi silituluka. Ndipo musanaonetse pagulu, filimuyo ipititseni ku Censorship Board, bungwe la boma lounika mafilimu, ikapatsidwe msinkhu wa oonera. Lamulo lake ndi la 1968 koma likugwirabe ntchito, musadzatsekeredwe holo anthu atakhala kale.

Nachisale: Zikomo nonse. Usiku uno ndilembanso sini, mbendera ndachotsa, mlamu walowa. Mzere wa aBanda ukhalapo. Tsopano amene agogo ake anasunga khadi lenileni m'sutikesi andijambulire mbali zonse ziwiri, tikasindikize lofanana nalo. Nagama, malaya ofiira atatu, osati atsopano.

Nagama: Ndikawasaka pa kaunjika Lachisanu, ndiwachape ndi kuwayanika padzuwa sabata yonse afwifwe. Mnyamata wosewera mlamuyo amete, tsitsi lakelo ayufi enieni akanamumeta okha.