Ndithandizeni: miyala ya ku Mzimba ikundidulira ulusi wa mikanda

Wofunsa:

A admin ndibiseni dzina chonde, chifukwa mayi amene nkhaniyi ikuwakhudza alinso pa gulu pompano, ndipo sindikufuna ndiwakumbutse zowawa pamaso pa anthu.

Moni nonse akuluakulu. Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Area 25 ku Lilongwe, ndipo chino ndi chaka cha 6 ndikutunga mikanda yogulitsa. Luso limeneli anandisiyira ndi agogo anga aakazi a ku Ntcheu, omwe ankatunga ya Chingoni atakhala pamphasa, lichero lili pamiyendo. Ndimapanga ya m'khosi, zibangili, ndolo ndi ya m'chiuno. Nyengo ya Umhlangano ndi Umthetho ikayandikira ndiye tulo sindituona, maoda amachita kuthithikana.

Zaka zonsezi mikanda imene ndimatunga ndi yogula m'tauni, yagalasi ndi yapulasitiki, yochokera kunja. Chaka chatha alamu anga, omwe amakumba miyala ku Mzimba, anandibweretsera kajumbo ka timiyala. Akuti ndi zotsalira, ogula anasankha yabwinoyo n'kusiya izi. Munali yapinki ija amati rose quartz, yapepo ija amati amethyst, ndi tizidutswa tochepa ta aquamarine. Nditaitsuka m'beseni n'kukweza kamodzi padzuwa, kanaoneka ngati madzi a ku Senga Bay m'mamawa. Mtima unandiwawa abale. Mwala wotere uli m'nthaka mwathu momwe muno, ine n'kumakwera minibasi kukagula pulasitiki?

Ndinatenga miyala 20 kupita nayo kwa bambo wina wowotcherera zitsulo kuti andiboolere. Miyala 13 inasweka. Isanu ndi iwiri yotsalayo ndinaitunga pa ulusi wa mbedza pamodzi ndi timikanda toyera, ndipo mkandawo unakongola moti mayi wina anaugula tsiku lomwelo kuti akavale pa ukwati wa mwana wawo. Ku holo, perekaniperekani ali mkati, iwo akuvina kutsogolo monga make mkwatibwi, mkanda uja unaduka. Miyala inamwazika pansi pa nsapato za anthu, anatolako inayi yokha. Atandiimbira foni usiku umenewo mawu awo ankanjenjemera. Ndalama ndinabweza, koma tsiku lawo lija sindingalibweze, ndipo mpaka lero zimandisowetsa mtendere.

Nditauyang'anitsitsa ulusiwo, sunamasuke pamfundo ayi. Unaduka pakamwa penipeni pa mwala, utaperepeseka ngati wachita kudyedwa ndi khoswe.

Safunsa anadya phula. Inu amene mumaidziwa miyala, imabooledwa bwanji kuti isasweke? Nanga itungidwe pa chiyani? Ndatsala ndi theka la kajumbo ndipo ndikuopa kuimaliza.

Bambo wosema miyala, Zomba:

Pepani mayi ndi zimene zinakuonekerani. Koma amene anakuboolerani aja musawaimbe mlandu kwambiri, chida chawo si cha ntchito imeneyi. Miyala ili ndi muyeso wa kulimba kwake, wotchedwa Mohs, kuyambira 1 mpaka 10. Galasi lili cha pa 5 ndi theka. Rose quartz ndi amethyst zili pa 7, aquamarine imafika 7 ndi theka mpaka 8, ruby ndi sapphire za ku Chimwadzulu kwanu ku Ntcheu zili pa 9, dayamondi ndiye 10. Kachitsulo koboolera zitseko sikangadye mwala wa pa 7. Kamangoutenthetsa ndi kuukankha, mpaka mwalawo n'kuphulika.

Chofunika ndi timano tokutidwa ndi fumbi la dayamondi, ta 1 mm kapena 1.5 mm, pa kamakina kakang'ono ka m'manja konga Dremel. Mwala muuike m'kambale pamwamba pa kathabwa, madzi auphimbe pang'ono. Mukagunditsa dzino kwa kamphindi, kwezani kuti madzi alowe m'bowo, kenako mubwererenso. Musakanikize, lisiyeni dzino lipere lokha. Mukafika pakati tembenuzani mwala muyambire mbali inayo kuti mabowo akumane, chifukwa mukatulukira mbali imodzi kumapeto kumabenthuka. Mwala umodzi ukhoza kukudyerani mphindi zambiri ndithu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ziwiri izi ndikupemphani ndi mtima wonse. Musaboole kapena kupera mwala wouma, fumbi la quartz limakhazikika m'mapapo ndipo matenda ake, silicosis, sachizika. Ndipo poti apa pali madzi ndi magetsi pamodzi, kamakina ka batire ndiye kabwino.

Wofunsa:

Zikomo bambo. Ndiye kuti miyala 13 ija inapita chabe chifukwa cha chida?

Bambo wosema miyala, Zomba:

Ina inali yakufa kale musanaitenge. Rose quartz yambiri imakhala ndi ming'alu mkati, makamaka ikachotsedwa pathanthwe ndi hamala. Lowani m'chipinda cha mdima, ikani mwala pa tochi ya foni. Mukaona mizere yowala ngati ya galasi losweka, umenewo usabooledwe. Pa miyala yotsalira kwa ogula, yosang'ambika imakhala yochepa.

Mtsikana wa ku Ndirande:

Ndikutsatira. Nanenso zibangili zanga zikungoduka.

Mayi wa ku Johannesburg:

Achemwali, ine ndimatunga mikanda kuno ndipo vuto lanu ndinalipitamo. Mwaliona kale nokha: ulusi unaduka pakamwa pa mwala. Bowo la mkanda wagalasi limakhala losalala chifukwa galasilo limachita kusungunulidwa pamoto, pomwe bowo loboola pamwala limasiya m'mphepete mwakuthwa ngati lumo. Munthu akamayenda, mwala umazungulira n'kumacheka ulusi pang'onopang'ono. Nanji akamavina!

Choyamba salalitsani kukamwa kwa bowo mbali zonse ziwiri ndi kachida kosongoka kotchedwa bead reamer, muli m'madzi momwemo. Mukatero pititsanimo ulusi wa thonje, muukoke uku ndi uku kangapo. Ukatuluka utanyenyeka, bowolo silinakonzeke.

Chachiwiri, ulusi wa mbedza usiyireni timikanda topepuka. Miyala imafuna kawaya kofewa kotchedwa tiger tail, komwe ndi timawaya tachitsulo topotedwa pamodzi n'kukutidwa ndi nayiloni. Kalipo ka timawaya 7, 19 ndi 49. Ka 49 ndi kodula koma kamagona bwino pakhosi ngati ulusi, pomwe ka 7 kakapindika kamodzi sikawongokanso. Kameneka simumanga mfundo, mumatseka ndi timachubu tachitsulo totchedwa crimp, tomwe mumatifinya pafupi ndi loko. Ine ndimaika tiwiri mbali iliyonse mkanda ukakhala wolemera.

Ngati mukufuna ulusi ndithu, tengani wa silika kapena wa nayiloni wopota, muzimanga mfundo pakati pa mwala uliwonse ndi unzake, monga amachitira ndi ngale. Ntchito yake ndi yotopetsa, koma taganizani: mkanda wa mayi aja ukanakhala wamfundo, pansi pakanagwa mwala umodzi wokha.

Mnyamata wa ku Nkhata Bay:

Amayi, mukuvutikiranji ndi kuboola? Ife kuno timagulitsa kwa alendo a kunyanja ndipo sitiboola mwala ngakhale umodzi. Timaukulunga ndi waya wa kopa. Waya wa 0.8 mm ndiye mafupa ake, mumapanga kakhola kogwira mwala ndi kakhutu kopachikira pamwamba. Wa 0.4 mm ndi womangira mafupawo kuti asatakasuke. Mwala umakhala momwe unatulukira m'nthaka, ndi makona ake omwe, ndipo alendo ambiri amaukonda wotero kuposa wozungulira. Ngakhale uja wa ming'alu amene bambo a ku Zomba aukana, m'waya umakhala bwinobwino. Aquamarine wanuyo chonde musamuyandikize ku makina, ndi wochepa kale.

Mwala umodzi pakati, mbali zonse mikanda yanu ya Chingoni. Agogo anu ndi alamu anu akumana pa khosi limodzi.

Wofunsa:

Achimwene, mawu omalizawo andikhudza. Koma kopa sadetsa khungu? Ndinapangapo ndolo ndi tizitsulo totchipa, kasitomala anatupa makutu.

Mnyamata wa ku Nkhata Bay:

Ndi zinthu ziwiri zosiyana. Chotupitsa makutu kawirikawiri ndi nickel amene amasakaniza m'tizitsulo totchipato. Kopa amangosiya mtundu wobiriwira pakhungu munthu akatuluka thukuta, umachoka ndi sopo. Pakani polishi wa zikhadabo wosaoneka mtundu kumbuyo kwake, ndipo kasitomala mumuuziretu. Za m'makutu zokha gulani zokolowekera za siliva wa 925 kapena za stainless steel. Kopa akada, mandimu ndi kamchere zimamuwalitsanso.

Gogo wina, mlangizi wa ku Dedza (walemba ndi mdzukulu):

Mwanawe, miyala yakoyo uike m'khosi ndi m'manja. Ya m'chiuno uisiye momwe unaipezera. Imeneyo imafuna timikanda tosalala tosakanda thupi, ndiponso wofiira, woyera ndi wakuda uliwonse uli ndi mawu ake omwe timawauza ana kuchilangizo, osati pagulu ngati pano. Ukasakaniza ndi miyala yapinki ndi yapepo chifukwa choti yakongola, usokoneza uthenga.

Wofunsa:

Ndamva agogo, sindidzatero.

Bambo wina:

Muziwauza makasitomala kuti wapinkiyo amakoka chikondi, wapepoyo amachotsa nkhawa. Azungu amakhulupirira zimenezo, katundu adzayenda ngati mandasi.

Mayi wa ku Johannesburg:

Ayi bambo, pamenepo ndakana. Kuno ambiri amagulitsa motero, koma mwala suchiza matenda ndipo sukonza banja. Munthu wodwala akasiya chipatala chifukwa cha mawu athu, mlanduwo ndi wa ndani? Komanso kwathu mukangoyamba kulankhula choncho, mawa mudzamva kuti mayi a ku 25 aja amagulitsa zithumwa, amayi a mvano onse n'kukuthawani. Achemwali, nenani zoona zokhazokha: uwu ndi rose quartz, wachokera ku Mzimba, ndakulunga ndi manja anga. Mulembe pa kapepala n'kumangirira pa mkandawo. Anthu athu okhala kunja kuno amafuna chinthu chimene angaloze n'kunena kuti ichi ndi cha kwathu.

Mayi wogula ndi kugulitsa miyala, Mzuzu:

Palibe amene wakhudzapo za mapepala, ndiye ndinenepo ine. Miyala yamtengo wapatali ili pansi pa lamulo la za migodi, Mines and Minerals Act ya 2023. Wokumba amafunika chiphaso chake, ndipo wogula n'kumagulitsa miyala yosasema amafunikanso chake, chimene ife timachidziwa ndi dzina loti Reserved Minerals Licence. Kajumbo ka mphatso n'kosiyana ndi kumaitanitsa mwezi ndi mwezi. Musanakulitse bizinesi, pitani ku maofesi a za migodi konko ku Lilongwe mukafotokoze zimene mukuchita, akakuuzeni okha chofunika kwa inu. Mufunsenso za kutumiza kunja, musangopatsira munthu wa basi. Alamu anuwo muwafunse ngati kumene akukumbako kuli ndi chiphaso.

Tsiku lina mudzayamba kugula kwa anthu osawadziwa, ndipo pamenepo mudzakumana ndi mabotolo osweka. Galasi limakhala ndi timathovu ta mpweya mkati ndipo limafunda msanga m'manja, pomwe quartz imazizira ukaigunditsa patsaya, ndipo imakanda botolo. Mwala wotchedwa agate ukakhala wa mtundu wowala mopitirira muyeso muupukute ndi thonje lonyowetsedwa m'mankhwala ochotsera polishi wa zikhadabo, nthawi zina utoto umatsalira pathonjepo. Mukakayika kwambiri, a Geological Survey ku Zomba ndiwo akatswiri ozindikira miyala.

Ngati mtima uli pa mikanda yoboola, funafunani agate wabuluu wa ku Ngabu ku Chikwawa. Thupi lake ndi lothinana, sabenthuka msanga ngati rose quartz. Ndipo mukamayala katundu pa msika, amethyst ndi rose quartz zikhale pamthunzi. Zikakhalitsa padzuwa mtundu umafwifwa.

Mayi wina:

Mtengo wa wa m'khosi ndi bwanji? Ndikufuna wa mwana wanga, akumaliza sukulu.

Wofunsa (patapita masabata awiri):

Ndabweranso abale kuti ndikuuzeni pamene ndafika. Usiku womwe uja ndinazimitsa nyali n'kuunika miyala yonse pa tochi ya foni, mwana wanga wamkulu akundigwirira. Pa miyala 31 yotsala, 9 yokha ndi imene ilibe ming'alu. Imeneyo ndaisunga m'kabotolo, idikire mpaka ndidzapeze timano ta dayamondi. Sindikuithamangira.

Waya wa kopa ndinaupeza kwa okonza mamota. Atatu oyamba kukulunga anatuluka okhota, mwala ukugwedera mkati, zala zanga zitatupa. Wachinayi anagwira. Ndi ka aquamarine kotalika ngati chala chaching'ono cha mwana, ndakaika pakati pa timikanda toyera ndi tabuluu m'katungidwe kamene agogo ankakakonda. Ndinauvala masiku asanu, kuchapa nawo, kusinja nawo, kupita nawo ku kwaya, ndipo madzulo aliwonse ndimauvula n'kuuyang'ana pamene waya wakumana ndi loko. Sunasunthe.

Dzulo ndinapita nawo kwa mayi aja. Ndinawapeza akusankha nyemba pakhonde. Ndinagwada n'kuwapatsa, ndi kuwauza kuti si wogulitsa. Anautembenuza kangapo osalankhula, kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kampango komanga mfundo. Munali miyala inayi ija anatola ku holo. Akuti ndiikulunge ndi waya womwewu, iwiri ikhale ndolo za mwana wawo, iwiri zawo.

Ku maofesi a za migodi ndipita Lachiwiri. Mayi ofuna wa mwana wanu, ndipatseni mwezi umodzi manja ayambe azolowera. Achimwene a ku Nkhata Bay, miyala inayi imeneyi ili kale ndi mabowo, ndiye waya ndiudutsitse m'bowomo kapena ndingoukulunga kunja ngati inzake ija?