Kuonera mbalame m'mbali mwa Shire mu Novembala

Nantchengwa: Akuluakulu, Novembala ndi nthawi yabwino yoonera mbalame ku Liwonde? Nanga m'boti, binoculars (choonera patali) yoyenera ndi 8x42, yokulitsa zinthu ka 8, kapena 10x42, yokulitsa ka 10?

Mlondawadambo: Ndi nthawi yabwino kwambiri. Ku Ulaya kwayamba kuzizira, ndiye anamzeze ndi timbalame toyenda m'matope tafika kale kuno. Tengani 8x42. Boti limagwedera, ndipo 10x imakulitsanso kugwederako, mbalame n'kumaoneka ngati ikuvina. Nyamukani 5:30 m'mawa, chifukwa ikamakwana 9 koloko kutentha kumachita nthunzi pamadzi, zakutali sizionekanso bwino. Dzuwa likhale kumbuyo kwanu. Mukaliyang'ana, mbalame iliyonse imangooneka yakuda.

NaPhiri_Zomba: Achimwene, mwa timbalame ta m'matope timeneti, anthu ambiri amasokoneza common sandpiper ndi wood sandpiper. Yoyambayo imagwedeza kumchira kosalekeza, ili ndi kamzere koyera kokwera paphewa, ndipo imauluka chapansipansi pamadzi mapiko ali owuma, osapindikapindika. Yachiwiriyo miyendo yake ndi yayitaliko, msana wamaangamaanga, ikauluka pamwamba pa mchira pamaoneka poyera. Osangodalira mtundu wa nthenga, onani kayendedwe. Nkhwazi, akakowa ndi amphipi musavutike nawo, amakhalapo chaka chonse.

Mlondawadambo: Ndinaiwala chimodzi. Woyendetsa azimitse injini mukadali patali, boti lizingoyandama. Mukaona African skimmer (mbalame yakuda kumsana, yoyera kumimba, yamlomo wautali wofiira) pamchenga musakocheze pamenepo: imaikira mazira pamchenga penipenipo, ikathawa amapsa ndi dzuwa. Ndipo musatsike kukaima m'bango, ng'ona ndi mvuu za mu Shire si zamasewera.