Nyengo yosinthasintha ya Ogasiti kuno ku Dedza

Mlimi wa ku Bembeke: Akuluakulu, sabata ino m'mawa kukumagwa nkhungu ndi mvula yowaza, masana dzuwa n'kuswa mtengo, ndipo masamba a mbatatesi yanga yakudimba ayamba kuda m'mphepete. Kodi nyengo imeneyi ikhazikika liti?

Mayi a ku Lizulu: Bambo, chimenecho ndi chiperoni, chomwe chimadza ndi mphepo yachinyezi yochokera kunyanja yamchere kudzera ku Mozambique, ndipo kumapiri kuno chimabwerezabwereza mpaka mwezi uno. Masambawo ndikuganiza kuti ndi chiwawu, choncho poperani mankhwala msanga.

Agogo a ku Tsangano: Seputembala akalowa kudzayamba kutentha ndithu, koma musadzanyengeke ndi mvula ya chizimalupsa n'kuthamangira kubzala chimanga. Dikirani kaye ulosi wa nthambi yoona zanyengo.